Kodi Makina Angatipezere Nyimbo za Pamtondo?

Amayi, kodi ndi liti pamene munamva komaliza nyimbo ya pamtondo? Tikunena nyimbo ija yoimbidwa m'mamawa tambala atangolira kachiwiri, minsi iwiri kapena itatu ikulandizana mumtondo umodzi, gaga ali mbuu kumaso ndi m'tsitsi. Ambiri a inu mukawerenga zaka mupeza kuti papita nthawi ndithu. Chigayo chinabwera, chinatipepuza msana ndi mapewa, ndipo palibe mayi wanzeru amene angachinyoze. Koma tsiku lija tinayamba kusenza chimanga kupita kuchigayo, nyimbo zathu tinazisiya pambuyo pamodzi ndi mtondo.

Nyimbo zimenezi sizinali zongopititsira nthawi ayi. Pamtondo ndi pamene mkazi ankaulula zakukhosi. Mwamuna woledzera, mpongozi wolongolola, mkazi mnzake wa nsanje, bambo wopita ku Joni kapena ku Halale osatumiza ngakhale kalata, onsewa ankamva mlandu wao m'nyimbo, mudzi wonse uli kumvetsera, koma wopita nazo kubwalo panalibe. Zinali nyuzipepala ya amayi nthawi imene amayi ambiri sankalemba. Lero amene akuzikumbukira bwino ndi agogo, ndipo agogowo akutha mmodzimmodzi.

Tsono kwabwera makina a nzeru zochita kupanga, amene ana athu akungowatchula kuti AI. Akuti makinawa amatha kumva nyimbo ndi kutchula dzina lake, amatha kuyeretsa kaseti yakale, ndiponso amayankha mafunso monga munthu. Akuluakulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Tiyeni timuone bwino mlendoyu, tidziwe pamene kalumo kake kameta ndi pamene kalephera.

Makina omva nyimbo

Ntchito yoyamba imene makinawa amaidziwa bwino ndiyo kuzindikira nyimbo imene ikuimbidwa. Pulogalamu yotchuka pa ntchitoyi ndi Shazam, imene inayamba ku Britain m'chaka cha 2002. Masiku amenewo munthu ankaimba nambala 2580 pa lamya yake ya m'manja, n'kuyandikizitsa lamyayo ku wayilesi, ndipo posakhalitsa ankalandira uthenga wotchula dzina la nyimbo ndi woimba wake. M'chaka cha 2018 kampani ya Apple inagula Shazam, ndipo lero pulogalamuyi imalowa mu lamya zamakono popanda kulipira.

Kagwiridwe kake ka ntchito nkosavuta kumvetsa. Mukudziwa kuti chidindo cha chala cha munthu sichifanana ndi cha mnzake. Nyimbo iliyonse yojambulidwa ilinso ndi chidindo chake, chopangidwa ndi mawu amene amveka kwambiri pa kamphindi kalikonse. Makina amatenga chidindo cha nyimbo imene mwawamvetsa, nachifananiza ndi zidindo mamiliyoni zimene anasunga. Chotero mukamva nyimbo yokoma mu minibasi kapena pa ukwati, Shazam ingathe kukuuzani mwini wake. Koma mukaiimbira nokha ndi pakamwa siizindikira, pakuti imafuna nyimbo yomweyo monga momwe inajambulidwira.

Vuto limeneli analichepetsa ndi a kampani ya Google mu Okutobala 2020. Mukatsegula pulogalamu ya Google, mukhudze kachizindikiro ka maikolofoni, musankhe kufufuza nyimbo, kenaka muimbe kapena kung'ung'uza chuni kwa masekondi 10 kapena 15. Makina amenewa anaphunzitsidwa pomvetsera anthu ambiri akuimba, kotero kuti amasiya pambali kukoma kapena kusasa kwa mawu anu, nasunga kukwera ndi kutsika kwa chuni kokha. Akatero amakupatsani nyimbo zingapo zimene zikufanana ndi chuni chanucho. Ngati nyimbo ya kwaya yakuvutani tsiku lonse m'mutu osakumbukira mawu ake, njira imeneyi njoyenera kuiyesa.

Chimene makina sadziwa

Tsopano yesani kung'ung'uza nyimbo ija ankakuimbirani amayi anu muli kumbuyo, kapena ija ankaimba azakhali anu pokonola. Kawirikawiri makina adzakupatsani nyimbo ya kutsidya kwa nyanja imene simunaimvepo, mwinanso adzangonena kuti sanapeze kanthu. Musaganize kuti mwaimba molakwa. Makinawa ali ngati nkhokwe, mumatapamo zokhazo zimene wina anathiramo. Nyimbo imene sinajambulidwe, kapena inajambulidwa koma ili pa tepi yotsekeredwa m'kabati, kwa makina ili ngati kulibe.

Ngakhale maiko olemera amakumana nazo zotere. Kunali nyimbo ina imene wachinyamata wina anaijambula pa kaseti kuchokera pa wayilesi ku Germany cha m'ma 1980. Kuyambira 2007 anthu ambirimbiri pa intaneti anakhala akufunafuna mwini wake, makina ozindikira nyimbo osaphula kanthu. Yankho linapezeka mu Novembala 2024, pamene munthu wina wodekha, powerenga nyuzipepala zakale, anapeza dzina la gulu lotchedwa FEX, nafunsa mmodzi wa oimba ake. Zaka 17 zakufufuza zinatha chifukwa cha kuwerenga ndi kufunsa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Amene anatola nyimbo zathu kale

Mwayi wathu ngwakuti si nyimbo zonse zimene zinapita ndi mphepo. Hugh Tracey, amene anabadwa mu 1903 namwalira mu 1977, anayenda maiko ambiri a mu Africa ndi makina ojambulira mawu. Kuno anafika m'zaka za 1950, 1957 ndi 1958, dziko lino likadali Nyasaland. Anajambula Achewa, Amang'anja, Ayao, Atumbuka, Atonga ndi ena, anajambula bangwe ndi ng'oma, ndipo pakati pa zonsezi pali nyimbo za amayi za pamtondo, minsi ikumveka bwino lomwe. Mu 1954 iye anakhazikitsa nyumba yosungira nyimbo yotchedwa International Library of African Music, imene kuyambira 1978 ili pa Rhodes University, mu mzinda umene kale unkatchedwa Grahamstown koma tsopano ndi Makhanda, ku South Africa. Zambiri mwa nyimbozi zinasamutsidwira m'makompyuta, ndipo zina zimamveka pa intaneti.

Mu 1967 katswiri wina wa ku Austria, Gerhard Kubik, anakumana ndi Daniel ndi Donald Kachamba akuimba mu mzinda wa Blantyre. Ubwenzi umene unayamba pamenepo unachititsa kuti nyimbo za banja la Kachamba, la m'mudzi wa Singano ku Chileka, zijambulidwe ndi kulembedwa m'mabuku. Nayo wayilesi ya MBC, imene inayamba mu 1964, inkatumiza antchito ake m'maboma kukajambula magule ndi oimba a m'midzi, ndipo matepi amenewo ndi chuma cha fuko lonse.

Taganizani, amayi. Mtsikana wa zaka 18 amene anaimba pamaso pa Tracey mu 1958 anabadwa mu 1940. Mwina ndi amayi anu, mwina ndi agogo a amuna anu. Mawu ake angakhale ali ku Makhanda mpaka lero, zidzukulu zake osadziwa.

Kufunsa mwanzeru

Apa ndi pamene mtundu wina wa makina ungatithandize. Kuyambira mu Novembala 2022, pamene ChatGPT inatulutsidwa, kwabuka mapulogalamu angapo amene munthu amawalembera funso iwo n'kuyankha. Angathe kukuuzani kumene nyimbo zakale zimasungidwa, angakumasulireni mawu a Chingerezi a m'kaundula, ndiponso angakuthandizeni kulemba kalata yopempha kumva nyimbo ya kwanu. Chichewa amachimva pang'ono, koma Chingerezi ndicho amachidziwa bwino, chotero mwana wa sukulu akhale pambali panu.

Pali chinsinsi chimodzi chimene chimasokeretsa ambiri. Makaundula akale analembedwa ndi maina a nthawi ya atsamunda. Mukalemba Mangochi mwina simupeza kanthu, chifukwa pamenepo analemba Fort Johnston. Nsanje inali Port Herald, Mchinji inali Fort Manning, Thyolo ankalemba Cholo, Mulanje ankalemba Mlanje, Nkhotakota ankalemba Kota Kota, ndipo kwa abale athu a ku Chipata kunali ku Fort Jameson. Chinenero chathu m'malo ena anachilemba Nyanja, m'malo ena Cewa kapena Mang'anja. Nyimbo ya pamtondo anailemba kuti pounding song. Mukaphatikiza mawu amenewa ndi dzina la Nyasaland, khomo limatseguka.

Koma chenjerani. Makina oyankha mafunsowa ali ndi khalidwe limodzi loipa: sakonda kuvomera kuti sakudziwa. Anapangidwa kuti aziyala mawu ooneka oyenera, ndipo pamene chidziwitso chawathera amatha kupeka. Mungawafunse amene anapeka nyimbo yakutiyakuti, iwo n'kukupatsani dzina ndi chaka molimba mtima, chonsecho zonse n'zabodza. Pa nkhani za kwathu kuno vutoli ndi lalikulu, popeza zolembedwa za ife zimene makinawa anaphunzirapo n'zochepa. Choncho yankho lililonse mulitenge monga mphekesera ya kuchitsime. Mufunse kuti zimenezo zalembedwa pati, mukaone nokha, ndipo mukafunsenso akuluakulu a m'mudzi. Paja safunsa anadya phula.

Kaseti yakale musaitaye

M'nyumba zambiri muli katoni ya makaseti imene ikungodya fumbi pansi pa bedi. Mwina muli kwaya ya amayi a Mvano kapena a Dorika ya mu 1985, mwina muli mawu a malemu bambo anu pa tsiku la ukwati wanu. Mukaiyesa imangomveka phokoso, mawu ali kutali. Imvani zimene zinachitika kwa gulu lotchuka la ku England la The Beatles.

Cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, John Lennon anadzijambula pa kaseti m'nyumba mwake ku New York, akuimba ndi kuliza piyano. Iye anaphedwa mu 1980. Mu 1994 mkazi wake wamasiye, Yoko Ono, anapereka kasetiyo kwa anzake a malemuyo. Iwo anayesa kuikonza mu 1995 koma analephera, chifukwa piyano inkaphimba mawu ndipo panalibe njira yolekanitsira ziwirizi. Patapita zaka zoposa 25, akatswiri ogwira ntchito ndi Peter Jackson wa ku New Zealand anagwiritsa ntchito makina ophunzitsidwa kusiyanitsa liwu la munthu ndi kulira kwa chida choimbira. Mawu a Lennon anatuluka oyera, monga momwe lichero limasiyanitsira mphale ndi gaga. Nyimboyo, yotchedwa Now and Then, inatuluka pa 2 Novembala 2023, ndipo mu 2025 inalandira mphoto ya Grammy.

Phunziro lake nlakuti chimene chinapulumutsa nyimboyi poyamba ndi mayi amene anasunga kaseti. Makina anabwera pambuyo. Mapulogalamu ochotsa phokoso ndi olekanitsa mawu tsopano afika ngakhale m'mastudiyo ang'onoang'ono a m'matauni mwathu. Sungani makaseti anu pouma, kutali ndi dzuwa ndi masipika, pakuti maginito amafufuta tepi. Mukapeza mnyamata wodziwa kusamutsira mawu mu kompyuta, mumuuze kuti akupatseni zonse ziwiri, yoyeretsedwa ndi yosayeretsedwa, ndipo kaseti yeniyeniyo ibwerere kwa inu. Makina oyeretsa nthawi zina amachotsa ndi zofunika zomwe. Angathe kuyesa kugunda kwa munsi kapena nthungululu kuti ndi phokoso, pamene kwa ife mpamene pagona nyimbo.

Makina osankhira anthu nyimbo

Palinso makina ena amene simuwaona koma amakusankhirani zomvera tsiku ndi tsiku. Mukamvera nyimbo imodzi pa YouTube, pa TikTok kapena pa Spotify, yachiwiri imabwera yokha. Makina amaonetsetsa zimene mwamvera mpaka kumapeto ndi zimene mwadumpha, nakufananizani ndi anthu ena amakonda ngati anu, kenaka amakubweretserani zimene anthu amenewo anakondwera nazo.

Nthawi zina zimenezi zimabala zodabwitsa. Giddes Chalamanda wa ku Chiradzulu, amene anabadwa mu 1930, anakhala akuimba kwa zaka zambiri asakudziwika kunja. Mu 2020 anaimba pamodzi ndi Patience Namadingo, ndipo chakumapeto kwa 2021 nyimbo yake ya Linny Hoo inafala pa TikTok, anthu mamiliyoni a maiko akutali n'kumaivina asakumva ngakhale liwu limodzi la Chichewa. Gogo wa zaka zoposa 90 anatchuka dziko lonse lapansi.

Koma musaiwale kuti makina amenewa cholinga chao ndi kukusungani pa lamya nthawi yaitali, uku bandulo ikutha. Amakonda kukankhira patsogolo zimene zatchuka kale. Mwana wanu akangomvera nyimbo zakunja sabata imodzi, makina adzamuunjikira zomwezo mwezi wonse. Mankhwala ake ali m'manja mwanu. Lembani nokha dzina la Alan Namoko, la Kachamba, la chimtali, la chioda kapena la tchopa, mumvere pamodzi ndi ana mpaka kumapeto. Mukachita zimenezi kangapo, makina adzayamba kukubweretserani za kwathu. Dziwaninso kuti tsopano kuli mapulogalamu opeka nyimbo yathunthu popanda woimba. Nyimbo ikalembedwa kuti ndi ya makolo koma osatchula woimba, mudzi kapena chaka, muikayikire.

Ntchito imene yatsalira ife

Taona kuti makina amapeza zokhazo zimene zinasungidwa. Tsono funso nlakuti, nanga zimene sizinasungidwe adzasunga ndani? Tracey anayenda ndi galimoto yodzaza ndi zipangizo. Inu muli ndi makina oposa ake m'kachikwama kanu kapena pamfundo ya chitenje. Pafupifupi lamya iliyonse ya masiku ano imajambula mawu, ndipo pojambula sipafunika bandulo.

Pitani kwa agogo, kwa apongozi kapena kwa azakhali nthawi imene apuma. Muwafotokozere chifukwa chake, ndipo muyambe mwapempha chilolezo. Okalamba ambiri amachita manyazi kuimba okha, chotero itanani anzao awiri kapena atatu, pakuti nyimbo zathu zimafuna wotsogolera ndi ovomera. Ngati mtondo ulipo, tulutsani, muthiremo chimanga. Thupi limakumbukira zimene mutu waiwala, ndipo munsi ukayamba kugunda mudzaona nyimbo zikubwera zokha.

Sankhani malo opanda mphepo, kutali ndi chigayo ndi msewu, wayilesi ikhale yotseka. Lamya muiike pa mpando kapena pa mkeka, pafupifupi mkono umodzi kuchokera kwa oimba, koma isayandikire kwambiri mtondo. Musanayambe nyimbo, nenani tsiku, dzina la mudzi, la mfumu ndi la boma, ndiponso maina a oimba. Nyimbo ikatha musafulumire kutseka. Afunseni amene anawaphunzitsa, nthawi imene inkaimbidwa, ndi amene ankamunena m'nyimbomo. Pamenepa ndi pamene pamatuluka mbiri ya banja imene simunaimvepo, zina zoseketsa, zina zogwetsa misozi. Ngati m'mudzimo mukadali mayi wodziwa kuliza nkangala, uta uja amayi ankaliza pakamwa akakhala okha, musachedwe naye, pakuti otere atsala owerengeka.

Mukamaliza, lembani mawu a nyimbozo m'kope. Makina olemba zimene munthu akulankhula amavutikabe ndi Chichewa, makamaka mawu akale ndi okuluwika, choncho cholembera chanu ndicho chodalirika. Zimene mwajambula musazisiye mu lamya imodzi, chifukwa lamya imabedwa, imagwera m'madzi, imafa. Zisamutsireni pa memori khadi, ndipo zina mutumize kwa mbale wokhala kwina. Amayi a m'gulu limodzi, kaya la kutchalitchi, la kumzikiti kapena la banki m'khonde, mungathe kugawana midzi ndi kusunga zonse pamodzi, popeza mutu umodzi susenza denga.

Zina si zotulutsa kunja

Mawu otsiriza ndi a chenjezo. Chimene mwaika pa intaneti simungachibweze. Chimakopedwa, chimayenda, ndipo makina omwewa angathe kuphunzirapo popanda kukufunsani. Nyimbo za kuchinamwali ndi za kutsimba zili ndi eni ake, amene ndi anamkungwi, ndipo si za pabwalo. Zoterezi musajambule popanda iwo kulola, ndipo ngakhale atalola, zisatuluke m'manja mwa oyenera. Nyimbo yotchula dzina la munthu amene ana ake ali moyo ingathe kudzutsa mlandu umene unagona kalekale. Muyambe mwaganiza musanaitumize pa WhatsApp.

Ngati m'banja mwanu muli wopeka nyimbo zakezake, dziwani kuti bungwe la COSOMA, limene linakhazikitsidwa mu 1992, ndilo limayang'anira za umwini wa nyimbo m'dziko muno. Mkamufunsire kumeneko asanapereke nyimbo zake kwa aliyense wolonjeza kumutchukitsa.

Amayi, kalumo ka mlendoyu nkakuthwadi. Kadzakuuzani dzina la nyimbo ya mu minibasi, kadzakulozerani njira ya ku Makhanda, kadzayeretsa kaseti ya ukwati wanu. Koma nyimbo imene ili pakhosi pa agogo anu lero, makinawo sakuidziwa, ndipo sadzaidziwa ngati inu simupita kukaitenga. Mawu a akulu akoma akagonera, koma amagonera pokhapokha wina atawasunga. Loweruka likudzali, mukatha kuchapa, tengani lamya yanu ndi kashuga pang'ono, mupite mukawaone agogo.